Bwana akufuna swimming pool pafupi ndi mpanda, akuti pulani njosafunika

Bambo a Tadala (Lachiwiri, 19:42)
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni nzeru ndisanapse zala. Pali bwana wina mbali ya Randburg amene ndakhala ndikumugwirira timaganyu, kuyala paving, kupenta, chaka chatha ndinamumangira malo ootchera nyama. Pano akuti ndimukumbire swimming pool ya konkire, mamita 6 mulitali, 3 mulifupi. Ntchito ya pulu ndimaidziwa, ndinakhala zaka zinayi pa kampani ina ya mapulu, koma kumeneko zanga zinali fosholo, zitsulo ndi pulasitala. Za mapepala ankadziwa eni kampani.

Malo amene walozawo ndi pakona kuseri kwa nyumba, mita imodzi yokha kuchoka pa mpanda wa neba. Akuti pamenepo ndi pomwe pamaomba dzuwa tsiku lonse, komanso sakufuna kugwetsa mtengo wa mapeyala uli pakati pa bwalo. Nditafunsa za pulani wandiyankha kuti pulu ndi minor work, kukhonsolo sikofunika kupitako. TLB, thirakitala yokumbira ija, akufuna ifike Lolemba. Zoona zimenezi?

Wa pa Bangwe
Kumbani madala, ndalama ilibe pulani kkkk

Gift wa ku Parow
Achimwene, mita imodzi ilibe vuto. Kuno ku Cape Town malamulo a mzinda amalola pulu kulowa mkati mwa building line, mzere uja womwe nyumba siiloledwa kupitirira poyandikira malire, bola isayandikire malire a puloti kuposa mita imodzi. Ine ndamangapo angapo otero ndipo anadutsa bwinobwino.

Bambo a Tadala
Ndiye ndikumbe?

Gift wa ku Parow
Ayi dikirani kaye, ine ndanena za mtunda chabe. Onse amene ndinamangawo anali ndi chidindo cha khonsolo.

Anachisale
Bambo a Tadala, Lolembalo musakumbe. Ine ntchito yanga ndi yojambula mapulani a nyumba, ndipo nkhani ya pulu imatifika pafupifupi mwezi uliwonse, kawirikawiri dzenje litakumbidwa kale.

Bwana wanuyo wagwira mawu oona koma wawamva theka. M'malamulo omangira a dziko lino la South Africa, omwe tsinde lake ndi National Building Regulations and Building Standards Act, nambala 103 ya 1977, pulu ya pakhomo ilidi m'gulu la minor building work, pamodzi ndi carport yosapitirira 40 m², kanyumba kosungira zida kosapitirira 10 m², ndi mpanda woima paokha wosapitirira mamita 1.8. Koma tanthauzo lake si lakuti aliyense angodzuka n'kuyamba kukumba. Ndime 13 ya lamulolo imapatsa mphamvu building control officer wa khonsolo kuti akumasuleni pa udindo wopereka mapulani onse, n'kukupatsani chilolezo cholemba chokhala ndi mfundo zake. Womasulayo ndi iye, osati mwini nyumba. Choncho kukhonsolo mupitabe, ndipo makhonsolo ambiri amafuna chojambula chosonyeza pamene puluyo ikhale, kutalika kwake ndi malire, ndi momwe mapaipi adutsira.

A Gift sakunama, koma akuwerenga buku la Cape Town. Mzinda uliwonse uli ndi lake. Johannesburg imayendera Land Use Scheme yake ya 2018. Pamwamba pa zonsezi pali pepala lina lomwe anthu saliwerenga n'komwe: title deed ya puloti.

Wa pa Bangwe
Chemwali mwayamba Chingerezi cha kukhoti, ife a fomu 2 titsike pati?

Anachisale
Khalani pompo achimwene, ndimasulira. Ma title deed ambiri a kuno ku Gauteng ali ndi mawu akuti pulotiyo ili ndi servitude ya mamita awiri m'mbali ziwiri zilizonse zosayang'ana kumsewu, ya khonsolo, yodutsitsira suweji ndi zina zotero. M'Chichewa tingati ndi kanjira ka khonsolo kodutsa m'munda mwako. Malo ndi akodi, msonkho ukulipira ndiwe, udzu ukutchetcha ndiwe, koma m'kanjirako sumangamo kanthu, ngakhale kubzalamo mitengo ya mizu ikuluikulu. Tsiku lomwe paipi idzatsekeke ali ndi ufulu wolowa n'kukumba. Tsono mita imodzi yomwe bwana wanu waloza, ngati mbali imeneyo ndi ya servitude, ndiye kuti mita yathunthu ya puluyo ikhala m'kanjira ka eni ake.

Bambo a Tadala
Mayi, pamenepa mwanditsegula m'maso. Koma title deed ndikaipeza kuti? Nyumbayo ndikudziwa kuti ili pa ngongole ya banki.

Anachisale
Yeniyeniyo ili kubanki, koma kope bwana ayenera kukhala nayo, maloya anamupatsa pogula nyumba. Akaisowa, ku Deeds Office amapereka kope. Mumuuzenso apeze mapulani akale a nyumbayo ndi mapu a mapaipi a suweji. Inu mawa mukafika, yendani m'mbali mwa mpandawo pang'onopang'ono, muyang'ane chivundikiro cha manhole. Nthawi zambiri chimakhala chitakwiririka ndi dothi kapena maluwa. Musuzumirenso kwa neba.

Madala a ku Lyttelton
Ndalowa mochedwa, ndinali ku shifiti. Mwana wanga Bambo a Tadala, mvera zimene akunena mayiwa. Safunsa anadya phula.

Ine ndiwonjezere za nthaka, poti mapepala akhoza kukhala bwino nthaka n'kukukana. Kuno ku Centurion takhala pa mwala wotchedwa dolomite. Mwala umenewu madzi amaudya pang'onopang'ono, pansi n'kupangika mapanga, pamwamba udzu uli biriwiri ngati palibe kanthu. Paipi ikamadontha malo amodzi kwa miyezi, dothi limakokoloka kulowa m'mapangamo, tsiku lina m'mawa mumangoona chidzenje. Misewu yatsekedwapo kuno chifukwa cha zimenezi. Achikulire amene anagwira m'migodi nthawi ya Wenela ankasimba za ku Carletonville: mu 1962 nyumba yophwanyira miyala ya mgodi wa West Driefontein inamira pansi, anthu 29 n'kutsikira nayo limodzi, ndipo mu 1964 ku Blyvooruitzicht nyumba inamezedwa usiku banja lili mtulo. Kumeneko chinayambitsa ndi kupopa madzi a pansi m'migodi, koma mwala wake ndi womwewu.

Ndiye taganiza, pulu ya 6 kwa 3, kuya kwake tiyerekeze mita imodzi ndi theka, ndi malita 27,000 atakhala malo amodzi. Ing'ambike pang'ono pansi, ndani aone? N'chifukwa chake kuno sungangokumba, pamafunika injiniya, ndipo pali muyezo wake wa SANS 1936 wa zomanga pa dolomite.

Wa pa Bangwe
Madala mwatiopseza, ine mawa sindikalowa m'pulu ya abwana kukachotsa masamba

Madala a ku Lyttelton
Iwe umagwira kuti?

Wa pa Bangwe
Fourways

Madala a ku Lyttelton
Kumeneko, ngakhalenso ku Randburg, pansi pake ndi mwala wa granite, osati dolomite. Kagwire ntchito, usanamizire ine. Vuto la granite ndi lina: TLB imakumba mita imodzi n'kugunda thanthwe, ndiye uyambe kulipira makina oswera miyala omwe sunawaike pa koteshoni. Bambo a Tadala, mu koteshoni yako ulembemo kuti mukapeza mwala mtengo ndi wina. Ine zinandionekera, ndinagwira milungu itatu yaulere.

Chikondi M.
Pepani ndilankhuleko mosiyana. Tonse tikudziwa kuti m'ma suburb muno muli mapulu ambirimbiri opanda pepala ndi limodzi lomwe, ndipo palibe wamangidwa. Lamulo lomwe a Anachisale atchulalo chindapusa chake ndi R100 pa tsiku, ndalama ya mu 1977. Bwana wa ku Randburg angaope R100? M'bale wathuyu akachulutsa mafunso, bwana aitana wina Lolemba lomwelo. Aganyu ali mbwee pa robot, ena ndi a kwathu komwe. Tizilangizana zoti munthu adye.

Anachisale
Za R100 mwalondola achimwene, ili pa ndime 4. Koma werenganinso ndime 21: khonsolo ikhoza kupita kwa majisitireti kukatenga chilolezo chogwetsa chomangidwacho. Mu 2013 khoti la apilo, pa mlandu wa Lester ndi khonsolo ya Ndlambe, linalamula kuti nyumba yodula ya ku Kenton-on-Sea igwetsedwe chifukwa chosowa mapulani ovomerezeka. Nyumba yathunthu. Nanji dzenje la madzi?

Komanso sikuti khonsolo imayenda khomo ndi khomo kusaka mapulu. Amene amakugwiritsa ndi neba, tsiku lomwe mpanda wake wang'ambika. Kapena wogula nyumba, akafunsa mapulani n'kupeza kuti pa pepala pali udzu pomwe pabwalo pali madzi. Kapena a inshulansi.

Chikondi M.
Zonsezo ndi mavuto a mwini nyumba, si a wokumba.

Che Jafali
Achimwene a Chikondi, pamenepo pokha ndikutsutseni, chifukwa ine ndine mboni. Zaka zapitazo ndinatenga ntchito ngati yomweyi kum'mawa kwa Joni. Bwana anati kumba apa, ine osafunsa. Tsiku lachiwiri masana, mano a TLB anakoka paipi yadothi ija yofiirira, yakalekale. Poyamba tinaona ngati ndi paipi yakufa. Pasanathe mphindi khumi dzenje linayamba kudzadza, ndipo fungo lake sindingalifotokoze pagulu pano pali amayi. Inali paipi yotenga nyumba zonse za mzere umenewo. Aliyense wogejemula chimbudzi kumtunda, zimafikira mwa ife. Anyamata anga awiri anathawa osatsanzika.

Bwana atafika, mawu ake oyamba anali akuti: iwe ndiye builder, unayenera kudziwa. Ndalama yotsala sanandipatse, ya TLB ndinalipira ndekha, ndipo ndikanakasuma kuti? Panalibe chimene tinalemberana, pasipoti yanga nayo masiku anali atatha. Ndinangonyamula wilibala yanga. Mwini nyumba ali ndi loya, iwe uli ndi fosholo. Zikavuta amayamba kugwa ndi wa fosholo.

Chikondi M.
Pepani Che Jafali. Komabe njala nayo simadikira chidindo.

Che Jafali
N'zoona. Ine sindikuti akane ntchito. Ndikuti bwana alembe pa WhatsApp kuti malo wasankha yekha ndipo mapepala ndi udindo wake. Akakana kulemba, mwadziwa kale amene adzasenze mlandu.

Gift wa ku Parow
Chinanso pa mita imodziyo, ngakhale kulibe paipi. Mukakumba mamita awiri kuya pafupi chotero ndi mpanda, mwachotsa dothi lomwe likugwira maziko ake. Mvula ya ku Joni ija yogwa madzulo ndi ziphaliwali ikangothira dzenje lili pululu, mpanda umatsetsereka wonse. Ife tinaphunzitsidwa kuti kuchoka pansi pa maziko uyerekeze mzere wotsika mopendekera madigiri 45, dzenje lako lisaudule mzerewo popanda injiniya. Komanso pampu mudzaiika pati? Ikakhala pansi pa windo la kuchipinda kwa neba, mwagula mdani wa moyo wonse.

Mayi a Pemphero
Abambo mwakamba za mapaipi ndi miyala, koma palibe watchula ana. Pakhomopo pali ana?

Bambo a Tadala
Alipo awiri mayi. Wamkulu ali ku pulayimale, wamng'ono wangoyamba kuyenda.

Mayi a Pemphero
Ndiye mundimvere. Ine ndalera ana a eni ake zaka 11 m'nyumba za mapulu. Anthu amaganiza kuti mwana akagwera m'madzi amakuwa n'kumaphiriphitha ngati pa TV. Ayi. Amangolowa chete ngati mwala. Ine zinandichitikira ndikuyanika zovala, nsana nditaupereka kumadzi nthawi yongokwanira kupachika malaya awiri. Geti la pulu linali lotseguka chifukwa wotchetcha udzu analiika njerwa kuti adutse ndi makina. Chimene chinanditembenuza si phokoso, koma kuti kunangoti zii. Ndinaona kachipewa kake kakuyandama, iye ali pansi maso ali pamtunda. Ndinadumphira momwemo ndi yunifolomu, kusambira sindidziwa, mwayi kunali kosaya. Anasanza madzi n'kulira. Kulira kumene kuja sindidzakuiwala.

Usiku umenewo sindinagone, ndinkangoganiza kuti akanapita mwana uja, dzina langa likanamveka mpaka kwathu ku Ntcheu. Njerwa ija palibe akanaifunsa.

Choncho Bambo a Tadala, mu mtengo wanuwo muikemo mpanda wa pulu ndi geti lodzitseka lokha. Bwana akati n'zodula, mumufunse kuti mwana wake ndi wa ndalama zingati.

Anachisale
Zikomo mayi, mwanena zimene ine ndikanayamba nazo. Lamulo lake lili mu SANS 10400 gawo D. Mwini malo ayenera kuonetsetsa kuti munthu sangafike pa pulu kuchokera kumsewu kapena kwa neba popanda kudzera pa geti lodzitseka ndi kudzikowa lokha. Mpanda usachepere mamita 1.2 kutalika, ndipo pasakhale mpata woti mpira wa mamilimita 100 n'kudutsa. Koma onani pomwe pali kampata: mpanda wozungulira puloti yonse ukhoza kukwaniritsa lamuloli. Limateteza mwana wa mumsewu, pomwe mwana wa m'nyumba momwemo akungotuluka pa khomo la kukhitchini n'kufika pamadzi. Mpanda wachiwiri, neti kapena chovundikira cholimba, zimenezo zimafuna nzeru za kholo. Malangizo ake ali mu SANS 10134.

Wa pa Bangwe
Neti ndi yabwino koma kuibwezeretsa ndi ntchito, mabwana amaichotsa Loweruka n'kudikira ine Lachitatu. Masiku anayi pulu ili yasa.

Mayi a Pemphero
N'chifukwa chake ine ndimakonda geti. Geti silidikira Lachitatu. Bola anthu a njerwa ngati inu musaliyandikire.

Wa pa Bangwe
Mayi ine njerwa ndinasiya kalekale, pano ndimaika ndowa kkkk. Ayi ndamva, ndasiya.

Gift wa ku Parow
Poti tafika pa chovundikira: kuno ku Cape Town si nkhani yosankha. Chichokereni chilala chija, pomwe mu February 2018 tinafika pa malita 50 munthu mmodzi pa tsiku tikudikira Day Zero, tsiku lomwe mipopi ikanatsekedwa, malamulo a madzi anasintha. Pulu iyenera kuvundikiridwa ngati simukusambiramo, kuti madzi asauluke ndi dzuwa. Nthawi ya chilalayo kuthiramo madzi a pampopi kunali koletsedwa, mapulu ambiri anasanduka obiriwira ngati dambo, achule n'kumaimba usiku. Ena anawasandutsa matanki a madzi a mvula. Madzi otsukira fyuluta nawonso saloledwa kutayidwa mu ngalande za mvula, chifukwa ngalandezo zimathera mu mitsinje ndi m'nyanja, klorini ndi mchere zili momwemo. Pa pulani muonetse komwe madzi amenewo azipita.

Nyasa Leeds
Ndikuwerenga ndili ku England kuno, komwe pulu ya panja ungasambiremo milungu iwiri pa chaka. Kuno kawirikawiri safuna planning permission bola ikhale kuseri kwa nyumba ndipo zomanga zonse zisadye kupitirira theka la bwalo. Koma a Chikondi, zoti khonsolo siingaone zija zikutha. Ku France mu 2022 a misonkho anagwiritsa ntchito zithunzi za m'mwamba ndi kompyuta, n'kupeza mapulu oposa 20,000 omwe eni ake sanawalembetse. Pulu siibisika, ndi buluu.

Chikondi M.
Ku France kumeneko. Kuno ayambe akwirira maenje a mumsewu.

Angoni Enieni
Funso lapambali. Ine ndikumanga ku Lilongwe, ndikufuna kapulu kakang'ono. Kumudzi zimafunikanso zimenezi?

Anachisale
M'mizinda inde, pulani imadutsa kukhonsolo, pansi pa Physical Planning Act ya 2016. Ngati nyumbayo mukuijambulitsa pano, puluyo ilowe pa pulani yomweyo. Koma tsegulani ulusi wina, tisasokoneze za Bambo a Tadala.

Wa pa Bangwe
Angoni yambani mwaona kaye ngati mpopi wa kwanuko umatuluka madzi tsiku lililonse, mungadzamange nkhokwe ya udzudzu

Bambo a Tadala (Lachitatu, 13:15)
Akuluakulu, ndili pamalopo. Ndayenda m'mbali mwa mpanda monga ananenera mayi Anachisale. Pakona penipeni pomwe tinakhoma zikhomo pali maluwa aja a agapanthus, thinithini. Ndalowetsa chitsulo pansi, kachitatu chagunda chinthu cholira ngati mphika. Ndafukula ndi manja, ndapeza chivundikiro chachitsulo, dothi lake pamwamba ngati chikhatho chimodzi. Ndatsegula ndi piki. Madzi akuyenda pansipo, ndipo si a nyumba ino, chifukwa muno mulibe munthu, onse ali kuntchito. Chingwe chomwe ndinamanga dzana chadutsa pamwamba pake ndendende.

Che Jafali
Mwaona? Paipi yanga ija yasamukira ku Randburg.

Anachisale
Jambulani chivundikiro chili chotsegula, chingwe chanu chikuoneka, mumutumizire bwana pompano. Musachulutse mawu. Kenako mutseke bwino, pali mwana pakhomopo.

Bambo a Tadala (Lachitatu, 20:58)
Ndabwerako. Poyamba anakwiya, akuti ndani anandituma kufukula maluwa a akazi ake. Kenako akazi akewo ndi amene anakatulutsa faelo ya nyumba m'kabati. Taiwerenga limodzi pa tebulo la kukhitchini, mawu aja a mamita awiri alimo ndithu, tsamba lachitatu. Bwana anangoti phee, n'kufunsa kuti ndinadziwa bwanji. Ndati ndili ndi ma consultant anga.

TLB yaimitsidwa. Akuti apeza wojambula pulani, ndamuuza kuti akhale wolembetsedwa ku SACAP, bungwe la ojambula mapulani, monga munandiuzira ku inbox. Funso lake ndi lakuti zitenga nthawi yaitali bwanji, poti amafuna ana asambire pa Khirisimasi.

Anachisale
Lamulo limapatsa khonsolo masiku 30 pa chomanga chosafika 500 m², kuwerenga kuyambira tsiku lomwe mapepala onse akwana. Mawu akuti onse akwanawo ndi omwe amatalikitsa nkhani, choncho musamulonjeze tsiku. Pulani ikavomerezedwa, chilolezo chake chimakhala ndi moyo miyezi 12, mukapanda kuyamba ntchito chimafa. Za magetsi a pampu ndi nyale ya m'madzi musagwire nokha, aitane wamagetsi wopereka CoC, chiphaso chosonyeza kuti magetsi aikidwa motsata malamulo. Ndipo ngati nyumbayo ili mu estate, a homeowners association, bungwe la eni nyumba, nawo ali ndi chidindo chawo.

Bambo a Tadala
Si mu estate. Koma tikaisuntha mamita atatu kubwera mkati, ikugwera pa mtengo wa mapeyala uja. Bwana akuti mtengo sugwa, anabzala ndi malemu bambo ake. Mayi akuti ndiye ichepe, ikhale 4 kwa 3. Ndawasiya akukangana, ine ndapatsidwa ganyu yokonza gutter poyembekezera.

Chikondi M.
Ndiye mwachoka pa pulu mwafika pa gutter. Ndinanena ine.

Mayi a Pemphero
Nanga za geti anati bwanji?

Bambo a Tadala
Ndinawawerengera uthenga wanu uja mayi, ndikumasulira m'Chingerezi changa chothyokathyoka. Nditafika pa kachipewa, mayi a pakhomopo anandiimitsa, akuti mpanda ndi geti ndilembe pamwamba penipeni pa koteshoni, pulu ibwere pansi pake.

Madala a ku Lyttelton
Ukalembanso koteshoniyo usaiwale za mwala zija. Ndipo mizu ya peyala imafika kutali kuposa nthambi zake, udzaipeza m'dzenjemo ngakhale pa 4 kwa 3. Uwauziretu kuti ukaidula mbali imodzi mtengo ukhoza kufota, asadzati wapha mtengo wa malemu.

Wa pa Bangwe
Ukagwa mundiuze, ndibwera ndi thumba. Mapeyala ku shopu afika podula.